Liwombo, magazi ndi ubongo wa mwana wobadwa masiku asanakwane

Amayi, abambo, ndi inu agogo amene mumaperekeza kuchipatala, tikambirane za mwana wobadwa mimba isanakwane masabata 37. Ife timada nkhawa ndi kuchepa kwa thupi lake, koma anamwino nkhawa yawo ina ili m'mutu mwake. Timitsempha ta magazi ta mu ubongo wake n'tofewa kwambiri, makamaka akabadwa masabata 32 asanakwane kapena akapanda kufika makilogalamu 1.5. Tikang'ambika magazi amatayikira mkati, ndipo kawirikawiri zimachitika m'masiku atatu oyamba. Choopsa n'chakuti mwanayo angakhale ali gone, osaonetsa kanthu.

Mwina munamvapo kuti kukubwera njira yodziwira vutoli poyeza magazi. Nkhani yake ili motere. Ubongo ukavulala, maselo ake amataya mapuloteni ena amene amalowa m'magazi, monga S100B, GFAP ndi NSE. Akachuluka, angasonyeze kuti m'mutu simuli bwino. Ku America, mu 2018, analoleza kuyeza GFAP pamodzi ndi puloteni ina yotchedwa UCH-L1 kwa akuluakulu ovulala m'mutu. Kwa makanda obadwa msanga akadafufuzabe, chifukwa puloteni ngati S100B imakhala yokwera kale mwa iwo ngakhale ali bwino, ndipo imasinthasintha malinga ndi masabata amene mwana wabadwira. Kusiyanitsa wovulala ndi wosavulala n'kumene kukuvutabe. Choncho musakapanikize adokotala kuti ayeze ubongo m'magazi.

Chimene madokotala amadalira lero ndi sikani, yofanana ndi ija ya amayi apakati. Amaika kachipangizo paliwombo n'kuona mkati, mwana osamva ululu. N'chifukwa chake ndimadandaula ndikaona liwombo lamatidwa mankhwala. Agogo amachita mwachikondi, ndikudziwa, koma pamenepo m'pamene timaonera ngati patukumuka. Pasiyeni poyera.

Nanga magazi amene anamwino amatenga pachidendene kapena padzanja? Ena amakana, ati kamwana kochepa chonchi magazi atha. Musakane. Amatenga ochepa kwambiri, ndipo amayeza shuga, chikasu ndi matenda a m'magazi, zinthu zimene nazonso zimawononga ubongo zikachedwa kudziwika.

Amayi, matenda a kubereka akayamba mwezi usanakwane, musadikire kuti kuche. Mukafika msanga, adokotala angakubayeni jekeseni wa dexamethasone amene amakhwimitsa mapapo a mwana ndi kuchepetsa kutayika kwa magazi mu ubongo. Akakutumizani ku chipatala cha Chipata Central kapena cha St Francis ku Katete, pitani mwana akadali m'mimba. Ulendo wa pamsewu wa mabampu ndi kakhanda kobadwa kale si wabwino.

Mwana akabadwa, m'gonekeni pachifuwa, khungu kukhudzana ndi khungu, mum'mange ndi chitenje, kachipewa kumutu. Ndiyo njira imene kuchipatala amaitcha kangaru. Abambo nanunso chifuwa muli nacho, alandireni amayi akatopa. Pom'nyamula musam'gwedeze.

Mukatuluka m'chipatala, bwererani tsiku lomwelo mukaona liwombo latukumuka mwana asakulira, akugwedeza kadzanja kapena kamwendo mosalekeza, wasiya kuyamwa, walefuka, kapena akudukiza kupuma. Kusikelo pemphani anamwino ayeze mutu ndi tepi nthawi iliyonse n'kulemba, chifukwa mutu ukamakula mothamanga mwina madzi akudzaza mkati, ndipo zimenezo n'zofunika kuti adokotala aone sabata yomweyo.