Khisimisi yoyamba bambo kulibe, tingawakumbukire bwanji?

Kuno kuchigwa cha Shire Khisimisi ndi nthawi imene ana a ku Blantyre, ku Lilongwe ngakhale ku Joni amatsetsereka phiri lija mpaka pa Thabwa kubwera kumudzi, ndiye ngati bambo anatisiya chaka chomwechi tsikuli limalemera zedi. Mabanja ena amangoganiza zosawatchula nkomwe kuti mayi angalire. Ine ndimaona kuti kumeneko nkulakwitsa, mayi alirabe basi, kungoti akalirira kuchipinda okhaokha.

Yambani kukambirana mu Novembala pa gulu lanu la WhatsApp lija, koma musanagwirizane kanthu wina ayimbire mayi awafunse chimene akufuna, mwina safuna chinamtindi cha anthu, mwinanso akuchifuna. Akuluakulu musawadumphe. Kwa Amang'anja ndi amalume, kwa Asena ndi abale a bambowo, mukawamvetsa zinthu zitatha kale mudzakhalira kupepesa mpaka Pasaka. Ngati ndinu Akatolika kapempheni Misa ku parishi nthawi ilipo, a mipingo ina auzeni akulu a mpingo adzachititse mapemphero pakhomo.

Kenako khalani pansi muwerenge ntchito zimene bambo ankagwira pa tsikuli, zilipo zambiri zoti simunkaziona. Kusankha mbuzi mkhola kapena kukaigula pa msika ku Ngabu, kunola mpeni, kugawa nyama kuti mwendo uwu upite kwa azakhali chiwindi chitsale cha agogo, kupempherera chakudya. Ntchito iliyonse ikhale ndi mwini wake tsikulo lisanafike, apo ayi mudzangoyang'anana mbuzi ili chimangire pamtengo ndipo misozi imayambira pamenepo.

Zopita kumanda nzabwino koma kumanda salowako chisawawa, kapempheni kwa amfumu, akupatseni adzukulu okutsogolerani. Lawirani mmamawa ndi makasu chifukwa mvula ikangogwa kamodzi udzu umakhala wakwera kale, komanso dzuwa la Disembala kuno mukulidziwa, limakafika madigiri 40 ndipo agogo sangapirire. Ngati manda ali kutsidya kwa Shire funsani kaye za madzi musanakwere bwato ndi ana. Ena anasamukira kumtunda pambuyo pa namondwe Ana mu 2022 ndi namondwe Freddy mu 2023, manda anatsala kumudzi wakale, kwina mchenga unakwiriratu. Musadzizunze nazo, pemphero la pakhonde ndi pemphero ndithu. Za chiliza mutha kuyamba kukamba ndi kusonkha pang'onopang'ono koma kumanga dikirani chilimwe.

Gawo limene ndimalikonda ine ndi lamadzulo. Pambali pa mpunga ndi mbuzi ija phikaninso chimene mwiniwake ankakonda, kaya ndi nsima ya mapira ndi mlamba wowamba, kaya nsomba za makakana, kaya thobwa wa dzulo wowawasa pang'ono. Mukatha kudya yalani mikeka pansi pa nimu, muitane anzawo a bambo awiri atatu, aja ankasewera nawo bawo kapena ankadula nawo nzimbe ku Nchalo. Ndiye apa mvetsani, osafunsa kuti "bambo anali munthu wotani" ayi, aliyense angoyankha kuti anali munthu wabwino basi nkhani yatha. Funsani zogwirika. Njinga yoyamba anaigula atagulitsa thonje la chaka chiti? Mayi anakumana nawo kuti, kutchalitchi kapena kogwetsa valimba? Chaka cha njala ankatidyetsa chiyani, nyika ija ankakazula okha kudambo? Mudzadabwa anthu akuseka mpaka kugwira nthiti, mayi nkumatsutsa kuti ayi alamu mukunama sizinali choncho, ndipo wina akayamba kulira musiyeni alire, osamamuuza kuti limba mtima ngati walakwa.

Mwana mmodzi agwire foni azijambula mawu, mutapempha kaye. Zithunzi zambiri kuno zinapita ndi madzi, ndiye chilichonse chimene chatsala, cha ukwati, cha pa chitupa, ngakhale kadi ya mpingo, chijambuleni muponye pa gulu kuti chikhale m'mafoni angapo. Koma chonde chithunzi cha bambo ali gone kuchipatala kapena cha bokosi osachiika pa Facebook, mayi amachiona kudzera kwa anthu ena ndipo chimawabaya.

Tsopano inu amene maliro anakupezani muli kutali, kupepesa sikuchedwa. Pitani tsiku lisanafike la phwando, mukafika khalani pansi mudikire akulonjereni, kenako mawu ochepa okha, "Pepani mayi, tinamva koma tinali kutali." Akayankha mvetserani, akakhala chete khalani nawo chete, palibe chochititsa manyazi. Ngati muli ndi kankhani kabwino ka malemuwo, monga tsiku lija anakukwezani panjinga kuchokera ku Bangula osakulipiritsani, kanenani, kameneko kamatonthoza kuposa ulaliki. Chipepeso chikhale chimene mungathe, shuga, sopo, kandalama, mupereke mwakachetechete potsanzika. Mukatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba imbaninso foni, ndalama yongolira mu foni popanda mawu imakhala ngati mukubweza ngongole. Zofunsa kuti kodi kwenikweni anadwala chiyani zisiyeni.

Nkhani ya ng'ombe, dimba ndi malata isatuluke pa tsikuli, makamaka kachasu akayamba kuyenda, pezani munthu mmodzi wosamwa woti azizimitsa ikangoyamba kufuka, mudzaikambe tsiku lina ankhoswe ndi amfumu alipo.

Pobwerera musanyamuke nonse pa 26 ngati mwathamangitsidwa, nyumba imazizira kwambiri alendo akachoka. Wina atsale mpaka Nyuwere, ndipo popeza Januwale ndi Febuluwale kuno ndi miyezi ya njala ndi madzi osefukira, siyani thumba la chimanga pamalo okwera, muone denga ngati silikudontha, mugawanenso masiku oyimbira mayi kuti isamakhale ntchito ya mwana wamkazi yekha.