Kasamalidwe ka ma bug m'gulu loyesa mapulogalamu

Woyesa aliyense polemba bug (cholakwika cha mu pulogalamu) mu Jira, pulogalamu yosungiramo malipoti a zolakwika, afotokoze njira zomwe watsata, zomwe amayembekezera ndi zomwe zachitikadi, osaiwala nambala ya build (mtundu wa pulogalamu womwe akuyesa) ndi mtundu wa foni. Lipoti longoti "sizikugwira" libwezeni. Wokonza angataye tsiku lathunthu akufufuza pomwe palibe.

M'mawa uliwonse khalani mphindi 15 ndi wokonza mmodzi komanso mwini polojekiti, musanje ma bug atsopano. Siyanitsani kukula kwa vuto ndi changu chake: dzina la kampani lolakwika patsamba loyamba ndi vuto laling'ono, koma silingadikire mawa.

Wokonza asatseke yekha bug. Woyesa atsimikize kaye, ayesenso mbali zoyandikana, chifukwa kukonza gawo la malipiro kumatha kusokoneza malisiti. Zoyesa mobwerezabwereza apatseni mapulogalamu oyesa okha: Selenium pa webusaiti, Appium pafoni.