Mukapeza nyumba yathyoledwa: zoyenera kuchita

Mayi wina wa kwa Kamwendo ku Mchinji wafunsa kuti achite chiyani akabwerako kumunda n'kupeza loko wathyoledwa ndipo katundu wabedwa.

Choyamba, mayi, musalowe nokha, chifukwa wakubayo akhoza kukhala akadali m'katimo. Itanani anansi, ndipo muwapemphe kuti asapondeponde pakhomo kapena kugwira chitseko, pakuti mapazi a pafumbi ndi chitsulo chimene anakanulira zenera ndi umboni umene apolisi amaufuna.

Kenako dziwitsani a komiti ya chitetezo cha m'mudzi ndi a mfumu, ndipo tsiku lomwelo mukanene kupolisi, kapena muimbe 997.

Gawo limene ambiri timalinyozera ndi kulemba zimene zabedwa. Lembani chilichonse pamodzi ndi chizindikiro chake: nambala ya injini ndi ya chasisi ngati ndi njinga yamoto, chilema cha pa wailesi, ngakhale dzina lolembedwa pa matumba a mtedza. Foni iliyonse ili ndi nambala yakeyake yoizindikiritsa, yotchedwa IMEI, yomwe imapezeka pa bokosi lake, ndipo amene foni zanu zilipo imbani *#06# lero lomwe, muilembe m'kope. Musazengereze kupereka zimene mwalembazo kupolisi, popeza malire a Mwami ali pafupi ndipo njinga imatha kugona ku Chipata usiku womwewo. Simu yobedwa mukatseketse msanga kuti ndalama za pa Airtel Money kapena Mpamba zisatapidwe.

Mukamuganizira munthu, dzina lake mukalipereke kupolisi. Kumumenya kapena kumuotcha ndi mlandu waukulu. Dzuwa lisanalowe, mmisiri akonze chitseko ndi kuikapo mpiringidzo wa m'kati.