Kodi voltage reference izikhala yoyaka usana ndi usiku?

Amisiri okonza ma sola, ma inverter ndi mawailesi kuno ku Salima, kuyambira pa boma mpaka ku Senga Bay, ena mwayamba kugula kachipangizo kotchedwa voltage reference. Kamatulutsa mphamvu ya magetsi yosasinthasintha, ndipo inu mumayeserapo multimeter, mita yoyezera magetsi, kuti muone ngati ikunena zoona. Nkhani imeneyi si yamasewera. Batire ya 12V yodzaza bwino imaonetsa pafupifupi 12.6V, pomwe yotsala theka imatsikira cha pa 12.2V. Mita yosokera ndi 0.3V ingakutayitseni batire ya kasitomala yomwe ilibe vuto.

Tsono kazikhala koyaka nthawi zonse, kapena muzikazimitsa mukamaliza? Yambani mwaona chip yomwe ili m'kati mwake, kachidutswa kakang'ono kamene kamatulutsa mphamvu yosasinthayo.

Ngati ndi AD584, ija yotulutsa 2.5V, 5V, 7.5V ndi 10V, musadzivute. Ilibe chotenthetsera. Iyatseni, idikireni kwa kanthawi kuti ikhazikike, yesani mita yanu, kenako zimitsani. Kuisiya yoyaka n'kungotha batire pachabe.

Koma LM399 ndi LTZ1000 n'zina. Zimenezi zili ndi kachotenthetsera kake m'kati, komwe kamasunga chip pa kutentha kumodzimodzi. Mukazimitsa, chip imazizira. Mukayatsa, imatenthanso, ndipo kufutukuka ndi kukhwinyata kumeneku kumasuntha pang'ono nambala yomwe imatulutsa. Nthawi zina sibwereranso ndendende pomwe inali. Chinanso, chip zoterezi zimanka zikhazikika zikagwira ntchito kwa miyezi yambiri osazima. N'chifukwa chake Fluke 732B, yomwe imatulutsa 10V m'malo oyesera zipangizo, ili ndi batire yake m'kati kuti isazime ngakhale ili pa ulendo. Choncho za LM399 ndi LTZ1000 zisiyeni zoyaka.

Vuto lathu kuno ndi magetsi othimathima. Kulumikiza chipangizo chotere molunjika ku soketi ya ESCOM ndiye kuchiyatsa ndi kuchizimitsa mosadziwa nthawi iliyonse magetsi akapita n'kubwera, ndipo pobwerapo nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopitirira. Ine ndimati chizidya kuchokera ku batire, batireyo izitchajidwa ndi sola kapena magetsi. Nyengo ya mvula, mphezi zikayamba, zulani chotchajira ku khoma, chipangizocho chipitirire pa batire.

Samalaninso malo ochiika. Kutentha kwa Okutobala pansi pa denga la malata mukukudziwa nokha. Musachiike pa zenera pofika dzuwa, pafupi ndi soldering iron (chitsulo chotentha cholumikizira mawaya), kapena pomwe fani ikuuzira. Chiikeni m'kabati, ndipo popeza kunyanja kuno chinyezi n'chambiri, ponyanimo timapaketi ta silica gel tija timabwera m'makatoni a nsapato.

Muzilemba m'kope tsiku, kutentha kwa m'chipinda ndi nambala yomwe mita yaonetsa. Nambalazo zikayamba kusiyana kwambiri, funsani a Malawi Bureau of Standards za kuyesetsa mita yanu, chifukwa nthawi zambiri yosokera imakhala mitayo.