Momwe mungalondolere mbiri ya ulamuliro wa mudzi waung'ono wa ku Russia

Mudzi wa ku Russia ukhoza kukhala pamalo amodzimodzi kwa zaka 400, koma maofesi a boma amene ankauyang'anira amakhala atasintha kambirimbiri, ndipo zolemba za mudziwo zinkatsalira ku ofesi imene inali ndi mphamvu pa nthawiyo. N'chifukwa chake wofufuza ayenera kuyambira pa mmene zinthu zilili lero n'kumabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, akudzifunsa pa nyengo iliyonse kuti mudziwo unali m'dera liti, m'boma liti ndi m'chigawo chiti. Mudzi wa Konstantinovo, womwe uli pamtunda m'mbali mwa mtsinje wa Oka, kumene kunabadwira mlakatuli Sergei Yesenin mu 1895, ukutithandiza kuona mmene ntchitoyi imayendera.

Choyamba, tsimikizani kuti mudzi umene mwaupeza m'buku ndi womwewo umene mukuufuna. Mayina monga Konstantinovo, Ivanovka ndi Aleksandrovka ndi ofala kwambiri moti m'boma limodzi mukhoza kupezeka midzi ingapo ya dzina limodzi. Choncho dzina palokha silokwanira: lembani pambali pake mtsinje umene mudziwo wayandikana nawo, dzina la tchalitchi chake ndi mtunda wochokera ku likulu la boma. Onaninso mtundu wa mudziwo, chifukwa chisanafike chaka cha 1917 mudzi wotchedwa selo nthawi zambiri unkakhala ndi tchalitchi, derevnya unalibe, pamene seltso unali mudzi wokhala ndi nyumba ya mwini malo. Izi n'zofunika chifukwa anthu a mu derevnya ankabatizidwa, kukwatitsidwa ndi kulembedwa m'kaundula wa tchalitchi cha mu selo yoyandikana nayo. Kumbukiraninso kuti kalembedwe ka Chirasha kanasintha mu 1918 ndipo zilembo zina zinachotsedwa, kotero dzina lomwelo limaoneka mosiyana m'mabuku akale.

Mukatsimikiza, lembani adiresi ya mudziwo ya masiku ano. Konstantinovo ili m'boma la Rybnoye, m'chigawo cha Ryazan Oblast. Lamulo la pa 6 Okutobala 2003 la maboma ang'onoang'ono linasonkhanitsa midzi m'magulu otchedwa selskoye poseleniye, ndipo kuyambira mu 2019 zigawo zambiri zakhala zikuthetsa maguluwa n'kuwaphatikiza kukhala dera limodzi lalikulu. Chiwerengero cha anthu mungachipeze m'zotsatira za kalembera wa 2002, 2010 ndi 2021.

Nyengo ya Soviet Union ndiyo imasokoneza anthu ambiri, ndipo m'pofunika kudekha nayo. Boma la Chikomyunizimu litangoyamba, midzi inaikidwa pansi pa makhonsolo otchedwa selsoviet, koma zigawo zakale zinapitirirabe kwa zaka zingapo. Pakati pa 1923 ndi 1929 zigawo za guberniya, maboma a uyezd ndi madera a volost zinathetsedwa, ndipo m'malo mwake munabwera zigawo za oblast, zogawidwa m'ma okrug, omwe anagawidwanso m'maboma a raion. Mu 1930 ma okrug ambiri nawonso anathetsedwa. Dera la Ryazan linalowa mu Moscow Oblast mu 1929, ndipo Ryazan Oblast inadzakhazikitsidwa mu Sepitembala 1937. Izi zikutanthauza kuti wofufuza za Konstantinovo ya m'zaka zimenezo, zomwe ndi zaka zimene alimi anakakamizidwa kulowa m'minda ya pamodzi yotchedwa kolkhoz, aziyang'ana pansi pa dzina la Moscow. Mudzi wa Klushino, kwawo kwa Yuri Gagarin, munthu woyamba kupita mumlengalenga, uli ndi mbiri yofananako: pamene iye ankabadwa mu 1934 unali mu Zapadnaya Oblast, chigawo chimene chinathetsedwa mu 1937, ndipo tauni ya Gzhatsk, likulu la boma limene Klushino inalimo, inasinthidwa dzina mu 1968 kukhala Gagarin.

Pali zaka zina zimene muyenera kuzifufuza pa mudzi uliwonse. Mu 1950 ma kolkhoz ang'onoang'ono anaphatikizidwa, mu 1954 makhonsolo ambiri a midzi anaphatikizidwanso, ndipo mu 1963 boma la Nikita Khrushchev linakulitsa maboma a kumidzi, ngakhale kuti ambiri anabwezeretsedwa pofika mu 1965. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 midzi yambiri inaweruzidwa kuti ilibe tsogolo, masukulu ndi masitolo ake anatsekedwa, anthu n'kusamukira ku midzi ikuluikulu. Mudzi ukasowa m'ndandanda ya nyengo imeneyi, funani chigamulo cha komiti ya chigawo chimene chinaufafaniza m'kaundula kapena kuuphatikiza ndi mudzi wina, chifukwa tsiku la chigamulocho ndilo mapeto a mbiri yake ya ulamuliro, ngakhale kuti nkhalamba zingapo zinkatsalabe m'nyumba zawo.

Mukadutsa chaka cha 1917 kubwerera m'mbuyo, makwerero ake ndi volost, uyezd ndi guberniya. Konstantinovo inali mu volost ya Kuzminskoye, uyezd ya Ryazan, guberniya ya Ryazan. Kwa alimi amene anali omangika kwa eni malo, volost inayamba mu 1861 pamene Mfumu Alexander II inawamasula, choncho musaifunefune m'zolemba zakale kuposa apo. Gwero labwino kwambiri la nyengo imeneyi ndi mabuku a ndandanda za midzi amene komiti ya boma yoona za ziwerengero inasindikiza potengera zimene zinasonkhanitsidwa mu 1859. Mzere wa mudzi uliwonse umaonetsa dzina, mtsinje kapena dziwe limene mudziwo uli pafupi nalo, mtunda wopita ku likulu la uyezd, chiwerengero cha makomo, amuna ndi akazi paokhapaokha, komanso ngati pali tchalitchi, chigayo kapena msika. Mtunda unkalembedwa mu versta, ndipo versta imodzi ndi makilomita 1.07. Dziwani kuti mabukuwa anasanja midzi potsata madera a polisi otchedwa stan.

Mukabwerera m'mbuyo kupitirira pamenepo, mudzi umadziwika makamaka ndi mwini wake. Kalembera wa msonkho, wotchedwa reviziya, anachitika maulendo 10 kuyambira mu 1719 mpaka cha m'ma 1858, ndipo alimi ankalembedwa pansi pa dzina la mwini malo, kotero mudzi wa eni atatu umapezeka m'mapepala atatu osiyana. Kalembera woyamba, wachiwiri ndi wachisanu ndi chimodzi sanalembe akazi, choncho musayerekeze ziwerengero zake ndi za zaka zina mosasamala. Malire a uyezd ambiri anachokera ku lamulo la Mfumukazi Catherine II la 1775. Chigawo cha Ryazan chinakhazikitsidwa mu 1778 ndipo chinayamba kutchedwa guberniya mu 1796. Kale dera limeneli linali mu guberniya ya Moscow, imodzi mwa zigawo 8 zimene Mfumu Peter I inakhazikitsa mu 1708, ndipo mzinda wa Ryazan unkatchedwa Pereyaslavl-Ryazansky. Konstantinovo imatchulidwa koyamba m'zolemba za 1619, zigawo zonsezi zisanakhaleko.

Pomaliza, tsatani mapepalawo kumene amasungidwa. Zolemba za kalembera atatu oyambirira ndi mapu a ntchito yoyeza malo imene inayamba m'ma 1760 zili makamaka ku malo osungira zolemba zakale otchedwa RGADA mu Moscow, za maunduna a ufumu zili ku malo ena otere otchedwa RGIA mu Saint Petersburg, pamene makaundula a tchalitchi ndi kalembera wa pambuyo pake amakhala ku malo osungira zolemba a chigawo. Apa m'pamene ambiri amataya nthawi: mudzi umene lero uli mu Kaluga Oblast kapena Lipetsk Oblast, zigawo zimene zinapangidwa mu 1944 ndi mu 1954 pong'amba zigawo zoyandikana, ukhoza kukhala ndi zolemba zake zakale ku Tula, ku Tambov kapena ku Ryazan. Pa kusintha kulikonse lembani tsiku, dzina la ofesi imene inagamula ndi nambala ya chikalata, ndipo sonyezani kalendala imene mwagwiritsa ntchito, popeza Russia inasiya kalendala yakale mu Febuluwale 1918. Tsiku lobadwa la Yesenin limalembedwa 21 Sepitembala m'kaundula wa tchalitchi, koma pa kalendala ya lero ndi 3 Okutobala.