Mukapeza mulu wa miyala yakale m'munda: zoyenera kuchita

Malo olima akuchepa kuno ku Mulanje, ndiye ambiri tikuswa mphanje m'munsi mwa phiri momwe makolo sankafikamo ndi khasu. Mukakumana ndi mulu wa miyala m'thengomo, musathamangire wilibala kuti mukamangire maziko. Mwina pansi pake pagona munthu.

Choyamba, ikani khasu pansi muuyang'anitsitse. Si mulu uliwonse uli manda. Ina anaunjika alimi posadzula munda, ina ndi yolozera njira ya okwera ku Sapitwa. Wakalekale umadziwika: miyala yam'munsi yamira m'dothi, ndere zagwira mbali yakumwamba yokha, mizu yalowerera pakati. Chapafupi mukhoza kuona mapale a mbiya okhala ndi timizere m'khosi, kapena mikanda.

Chachiwiri, musakumbe, ndipo phale lililonse lisiyeni pomwe lili. Apa mpomwe ambiri timalakwa. Akatswiri amadziwa zaka za manda poyeza makala ndi mafupa, komanso poona chomwe chagona pamwamba pa chinzake. Mukavundula dothi, mwasokoneza zonse. Za mphekesera zoti pansi pa miulu yotere pali golide, zisiyeni. Anthu athyola misana n'kutulukamo ndi matuza okha.

Kenaka jambulani ndi foni mbali zonse, mpini wa khasu mutaugoneka pambali kuti kukula kwa muluwo kuoneke.

Mukatero pitani kwa amfumu. Agogo a m'mudzimo mwina akudziwa ngati anali malo a nsembe, monga momwe anthu amalemekezera Dziwe la Nkhalamba ku Likhubula. Ndi amfumuwo kadziwitseni ofesi ya DC kuti uthenga ufike ku Dipatimenti ya Museums and Monuments, yomwenso imayang'anira nyumba ya mbiri yakale ya ku Chichiri. Lamulo la Monuments and Relics Act silola kukumba zinthu zakale popanda chilolezo. Ngati mafupa ali poyera, monga pamene madzi akokolola nthaka ngati nthawi ya namondwe Freddy mu 2023, apolisi adziwe tsiku lomwelo.

Podikira, lambulani mozungulira kuti moto wolusa usafikepo, mizere yanu muyambire patali. Simenti kapena penti ayi, ngakhale mtima ukufuna kukongoletsa.

Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika padziko lonse, ndiye pokanena ku boma tchulaninso zimenezo.