Mabatire otchaja ikani mu tochi, koma mu alamu ya utsi ayi

Anzanga a kuno ku Chigwa, kuyambira ku Chikwawa, Nchalo, Ngabu mpaka ku Nsanje, ambirife tatopa nako kugula miyala ya tochi ndi wailesi pafupipafupi ndiye tikuthamangira mabatire a lithium otchaja aja. Ndi abwino ndithu makamaka ngati muli ndi kasola pakhomo, koma musanaike batire m'chinthu chilichonse yambani mwalitembenuza muone nambala imene ili pafupi ndi chilembo cha V, chomwe chimaimira mavoti, muyeso wa mphamvu ya magetsi.

Batire wamba la AA ndi 1.5V. Ndiye pali lina la lithium lolembedwa 14500, kukula kwake n'chimodzimodzi moti limalowa bwinobwino mu rimoti kapena mu wotchi ya pakhoma, koma ilo ndi 3.7V ndipo likadzadza limafika 4.2V, mukaika awiri mu wailesi yofuna 3V basi mwaiwotcha. Gulani otchaja olembedwa 1.5V, ena amakhala ndi kabowo ka USB kongolowetsa chingwe cha foni. Lalikulu lija la 18650 la m'matochi limalowa mokhamo momwe analikonzera, ndipo mukaona lolembedwa 9900mAh (mAh ndi muyeso wa moto umene batire limasunga) lisiyeni pa benchi pompo, ndi bodza, enieni amathera cha m'ma 3500.

Pa alamu ya utsi, ija imalira ikamva utsi m'nyumba, m'pamene ndikufuna mundimvetse. M'kati mwa batire lotchaja la 1.5V muli kachipangizo kamene kamagwira mphamvu kuti ikhale pomwepo osatsika mpaka moto utatheratu, kenako limangozima kamodzin'kamodzi. Tochi ikatero mumaona nokha n'kutchaja. Koma alamu imadziwa kuti batire likutha poona mphamvu ikutsika pang'onopang'ono, m'pamene imayamba kulira tswii tswii kwa masiku angapo, ndiye ndi lotchajali chenjezo limenelo mwina simulimva n'komwe, inu muzidzati alamu ili bwino kudengako pomwe inafa kalekale, usiku ana ali m'tulo kandulo kapena koyilo ya udzudzu yagwira neti. Chonde ikani losatchaja lolembedwa alkaline, la 9V kapena AA malinga ndi zomwe alemba kumbuyo kwa alamuyo, muzisintha chaka ndi chaka, ndipo mwezi uliwonse dinani batani loyesera mumve ikulira. Zilipo alamu zina zobwera ndi batire la lithium lomatiratu m'kati losatchaja, zimenezo zimakhala zaka 10 kenako mumasintha yonse.

Kwinako ndi kutentha kwathu kuno. Lithium safuna kutchajidwa kukatentha kupitirira madigiri 45, ndipo mu Okutobala ndi Novembala masana pansi pa malata kapena pawindo pamafika pamenepo mosavuta. Sola ikhale padzuwa koma batire ndi tchaja zikhale pamthunzi, pa simenti, osati pa matiresi kapena pa mkeka, ndipo likadzadza zulani. Gwiritsani tchaja yake ya lithium, osalumikiza mawaya ku batire la galimoto ayi.

Osaika mabatire m'thumba limodzi ndi makiyi kapena makobidi. Lomwe latupa, likununkha kapena linamira m'madzi osefukira musayese kulitchaja ngakhale litauma, matani tepi kumapeto konse kuwiri mulisunge panja m'chitini cha mchenga kutali ndi ana, ndipo musaliponye pamoto wa zinyalala chifukwa limaphulika.